Mbale Inasowa Tsiku la Demera

Mayi Yeshareg anali akukazinga khofi pamene Wubalem analowa m'khitchini osaodira, matope mpaka m'mawondo.

"Amayi, atibera. Mbale ya intaneti kulibe. Azula ndi mlongoti womwe."

Mayi Yeshareg anayamba aphula chiwaya, poti kupsereza khofi sikukanabweza mbaleyo. Kenako anamuyang'ana mtsikanayo.

"Waona ndi maso ako, kapena yakuuza ndi kompyuta?"

"Ndikuchokera komweko."

Nyumba ya alendo ya mayi Yeshareg inali ya zipinda zisanu, m'mudzi wa Koso Amba, pamwamba pa mapiri. Kale kunkabwera okwera mapiri okhaokha, ogona usiku umodzi n'kumapita. Tsopano kunkabwera anthu a malaputopu, aja ofesi yawo imakhala m'chikwama, ndipo ankatha mwezi wathunthu. Chimene chinkawakoka ndi mbale yoyera ija, kukula kwake ngati chivundikiro cha chiwaya chophikira injera, buledi wopyapyala wa kuno. Inali pamlongoti pachitunda cha kuseri kwa nyumba, itayang'ana nsanja ya mafoni tsidya la chigwa, ndipo waya wake ankatsika mpaka pakhonde.

Anabweretsa nzeru imeneyi ndi Wubalem, mwana wa bambo Mersha a nyumba yoyandikana nayo. Anali atabwerera kumudzi miyezi inayi yapitayo, atakhala mumzinda waukulu wa Addis zaka khumi ndi ziwiri. Ntchito yake inali yolemba pakompyuta zimene madokotala akunja alankhula. Mabwana ake anamulola kuti ayese kugwirira kumudzi, koma anali atamuuza kuti Lolemba masana adzakambirana naye pavidiyo. Intaneti ikadzayenda bwino, adzakhala kwawo mpaka kalekale. Ikadzavuta, abwerere ku ofesi ku Addis. Tsikuli linali Loweruka.

"Ikapanda kupezeka lero, ndikwera basi ya mawa," anatero Wubalem. "Ababa nditsanzikana nawo bwanji?"

"Kulirako udzalire Lachiwiri. Nditengere ndodo yanga."

* * *

Pachitunda anapeza Fentahun atafika kale. Ameneyu anali wapolisi yekhayo wa deralo, wa jombo zatsopano, ndipo mayi Yeshareg anali atamukwapulapo ali mwana chifukwa choba mapichesi. Pambali pake panaima Ilse, mzungu wa ku Holland amene ankajambula mapulani a nyumba za kwawo atakhala pakhonde la mayi Yeshareg.

"Musavutike, Amayi, nkhani yatha," anatero Fentahun. "Wakuba ndamugwira kale."

"Tasuntha, waponda umboni."

Fentahun anadumphira pambali. Mayi Yeshareg anawerama. Dzenje la mlongoti linali litakwiriridwa ndi miyala mpaka kudzaza, kuti chiweto chisathyokeremo mwendo. Bokosi la batire linali pamalo pake, galasi la sola lili pomwepo, losakhudzidwa. Waya sanadulidwe. Anali atasololedwa bwinobwino, n'kukulungidwa mozungulira ngati nkhata, nsonga yake itapisidwa mkati, kenako n'kukolekedwa panthambi ya mtengo.

"Wakuba waulemu bwanji," anatero mayi Yeshareg. "Wasiya batire ndi sola zoti akanagulitsa lero lomwe, n'kusenza chimtengo cha bulugamu. Ndani ameneyo?"

"Belachew wa nyulu. Mbaleyi isanabwere, alendo anu ankakwera nyulu zake tsiku ndi tsiku kupita pamwala paja pogwira netiweki. Inu mwamulanda ntchito. Mudzi wonse wamumva akuitukwana. Ndipo pali chithunzi. Aonetseni, mayi."

Ilse anatulutsa foni. Chinenero cha kuno anachiphunzira pafoni yomweyo, choncho ankalankhula ngati akuwerenga kalata ya boma.

"Wolemekezeka mayi, ine ndimathamanga m'mawa uliwonse. Lero kunali nkhungu yambiri. Ndinaona chinthu chokongola, ndinajambula. Nditabwerera, intaneti inali itamwalira. Ndili ndi chisoni chachikulu."

Pachithunzipo pankaoneka amuna awiri m'nkhungu, nkhope zosadziwika, atasenza mtengo wautali. Kunsonga yakutsogolo kunali chimulu cha maluwa achikasu. Pambuyo pawo pankabwera nyulu ya banga loyera pamphumi, itasenza thumba.

"Anthuwo asiyeni," anatero Fentahun. "Lero ndi tsiku la demera, mwamuna aliyense wasenza mtengo kupita nawo kutchalitchi kukaunjika moto wa Mtanda. Onani nyuluyo ndi thumbalo. Mbale ili mmenemo. Mlongoti waugwetsera kuphompho."

"M'thumbamo wayang'anamo?"

"Muli balere. Ndiye kuti wabisa kale."

"Kapena ndiye kuti munali balere," anatero mayi Yeshareg. Anayang'ananso waya uja panthambi, nthawi yaitali ndithu. "Ali kuti wakuba wakoyo?"

* * *

Chitolokosi cha Koso Amba chinali chodzaza ndi matumba a feteleza, choncho Belachew anali atakhazikidwa pabenchi panja pa ofesi, nyulu yake itamangidwa pampanda. Anali munthu wamtali, wowonda, wa maso ooneka ngati akuseka ngakhale pamaliro.

"Belachew, wadya?"

"Ndadya mafunso, Amayi. Ndakhuta."

"Unali kuchitunda m'mawa?"

"Nyulu yanga inali kumeneko. Ine ndimangotsatira komwe yalowera."

"Mbale waba ndiwe?"

"Miyezi inayi ndakhala ndikuitukwana pamsika, kuchigayo, ngakhale pakhomo panu. Munamuonapo wakuba amene amayamba walengeza?"

"Yankha bwino, iwe," anatero Fentahun. "Mawa ukwera basi kupita kuboma. Chiphaso chako chonyamulira alendo uiwale."

Mayi Yeshareg anapita panyulu, n'kumasula chingwe chomangira katundu, n'kumuponyera Belachew pamiyendo.

"Tandikulungira ichi."

"Mwayamba kuweta nyulu?"

"Kulunga, usandichedwetse."

Belachew anachigwira osayang'ana n'komwe. Anachipingasa uku ndi uku m'manja, kangapo, n'kumanga kamfundo kososoka pakati, n'kuchiponya pansi pafupi ndi phazi lake. Umu ndi mmene anthu a nyulu onse amachitira, kuti chingwe chisolokere msanga katundu akapendekeka panjira.

"Waona, Fentahun?"

"Ndaona chingwe."

"Waya uja wakulungidwa pachigongono, mozungulira, n'kukolekedwa m'mwamba. Amachita zimenezo ndi munthu wolima ndi ng'ombe. Lamba womangira goli ndi wachikopa, ukamusiya pansi agalu amudya. Dzanja likazolowera choncho, ngakhale waya limamukoleka. Uyu chingwe amaponya pansi."

"Theka la mudzi uno limalima ndi ng'ombe," anatero Fentahun, mawu atatsika pang'ono.

"N'chifukwa chake sindinapite kukagona." Anatembenukira kwa Belachew. "Pachithunzi paja muli awiri. Wam'mbuyo ndiwe, miyendo imeneyi palibe wina ali nayo. Wakutsogolo ndani?"

Kuseka kuja kunachoka m'maso mwa Belachew. Anayang'ana nyulu yake.

"Amayi, mukudziwa kuti pali anthu atatu amene pakamwa panga sipangawagwetse. Ngakhale mundipachike."

Mayi Yeshareg ankadziwadi. Mwamuna wa kuno sanenera bambo ake omubereka, sanenera wansembe amene amalapa kwa iye, ndipo sanenera munthu amene anamunyamulira mwana pa ubatizo. Bambo a Belachew anali kumanda. Abba Melkamu, wansembe, ngakhale ambulera yawo ankachita kuwanyamulira. Wachitatuyo mayi Yeshareg ankamukumbukira bwino, poti paubatizo wa mwana wa Belachew wophika anali iwowo.

Anacheuka pang'onopang'ono kuyang'ana mwana wa munthuyo. Wubalem anali ataima pampanda, akusisita nyulu pamphumi, maso ali kumsewu wa basi.

"Iwe mwana. Mlongoti uja munaudula kuti?"

* * *

Munda wa bambo Mersha unali kumunsi, ulendo wa ola lathunthu panjira yoterera. Pofika, dzuwa linali litapendeka, ndipo mawondo a mayi Yeshareg anali atayamba kulankhula.

"Amisiri odzaika mbale ankafuna mtengo wautali ndi wowongoka," Wubalem ankafotokoza. "Ndinawabweretsa kuno, ndinawalozera uwu. Unkaposa yonse."

"Bambo ako unawapempha?"

"Anali kumaliro kutsidya, masiku atatu. Atabwerako ndinawauza."

"Anati chiyani?"

"Palibe. Anangopita kukapatsa ng'ombe udzu."

Chitsa chinalipo, chachikulu. Pamwamba pake wina anali atasanjikizapo timiyala titatu. Makungwa amene amisiri anasenda anali akadali pomwepo, atauma n'kupindika. Mayi Yeshareg anawatembenuza ndi ndodo, limodzilimodzi, mpaka anapeza chimene ankafuna. Pakhungwa lina panali mtanda wosemedwa ndi mpeni, wakale, milomo yake itatupa.

"Ichi sunachione?"

"Ndinayesa ndi ana oweta mbuzi."

"Panalibe kansalu?"

Wubalem anawerama n'kugwira khungwalo. "Kanalipo. Koyera, kothaitha. Ndinakamasula ndekha, ndimayesa kabwera ndi mphepo."

Mayi Yeshareg anakhala pansi pachitsapo, n'kupukusa mutu.

"Sukulu yonse ija, n'kulephera kuwerenga mtengo. Umenewu unali chowinda, mwanawe. Mtengo wa mtanda ndi kansalu uli ndi mwini wake kumwamba, ngakhale wosauka nkhuni amaulambalala. Chaka chimene mayi ako anamwalira, iwe utabwerera ku Addis maliro asanazizire, bambo ako anawinda kutchalitchi. Anati mwana wanga akadzabwera kudzakhala, mtengo uwu udzaima pakati pa demera. Ndinalipo. Ndi ine wopusa, miyezi inayi ndikuuona uli mbuu pachitunda osafunsa kumene wachokera."

Wubalem anagwira pakamwa.

"Ndiye ndinadula..."

"Unadula mtengo wothokozera kubwera kwako, n'kupachikapo mbale. Bambo ako sakanakukalipira, anali atangokupeza kumene. Anangodikira tsiku lake, ndipo tsiku lake ndi lero. Akatenga chawo."

"Nanga mbale? Aitaya kuti?"

Nthawi yomweyo ng'oma yaikulu ya kutchalitchi inagunda. Mayi Yeshareg anadzutsa mutu. Pamunda pamenepo bwalo la tchalitchi linkaoneka bwino, tsidya la kamtsinje, litayera ndi nsalu za anthu. Pakati panaima demera, mitengo yambirimbiri itatsamirana ngati denga la nkhokwe, umodzi utatulukira pamwamba pa yonse. Chaka ndi chaka pansonga pamakhala kamtanda ndi maluwa ongodzaza manja awiri. Chaka chino panali chinkhata chachikulu chachikasu, chozungulira bwino ngati chochita kuumba.

Chithunzi cha mzungu chija chinawabwerera m'mutu.

"Sanaitaye," anatero, akudzuka. "Iyo ili apo. Ndipo ansembe akazungulira katatu, ayatsa."

* * *

Anafika pabwalo mayi Yeshareg akupumira m'mwamba, mpango utapendekeka. Madikoni anali atatuluka kale ndi maambulera awo onyezimira, akuimba. Amuna anali atagwira miuni yosayatsa. Fentahun nayenso analipo, wamndende wake ali pambali, poti sakanalola kuphonya chikondwerero chifukwa cha mlandu.

Bambo Mersha anaima payekha pafupi ndi demera, atafunda nsalu yoyera yochapa bwino, litchowa lili m'manja. Mayi Yeshareg sanakuwe. Anangokaima pambali pawo ngati munthu wodzaonerera.

"Maluwa akongola chaka chino, bambo Mersha."

"Ndi a Mulungu."

"Azungulira bwino. Ngati pali chimene chawagwira mkati."

Bambo Mersha anaingitsa ntchentche imene panalibe.

"Mtengowo ndi wanga. Ndinauwinda."

"Za mtengo sindikukana. Mbale munawindanso?"

"Zitsulo zake zinakana kumasuka. Ndinayesa ndi nkhwangwa."

"Kuchigayo kuli sipanala, ndipo mwini chigayo ndi mlamu wanu. Musandipusitse, tinawetera limodzi mbuzi ife."

Nkhalambayo inatsitsa litchowa lake. Itayamba kulankhula, inkalankhula ndi demera, osati ndi mayi Yeshareg.

"Sutikesi yake sanaipakule. Miyezi inayi ili pansi pa bedi, yotseka. Tsiku lonse amalankhula ndi anthu a m'galasi, chinenero chimene sindimva. Lachinayi ndinamumva akuuza mzungu uja kuti Lolemba mabwana agamula. Ndi chinthu icho chimene amamuitanira. Chikapsa, amuitana bwanji?"

"Ababa."

Wubalem anali ataima kumbuyo kwawo. Bambo Mersha sanacheuke.

"Ababa, chikapsa ndikwera basi mawa. Chimenecho n'chimene chikundisunga kuno. Lolemba akaona kuti ntchito ikuyenda ndili kwathu, andisiya ndikhale. Sutikesi sindinapakule chifukwa ndinkaopa kusangalala msanga."

"Bwanji sunandiuze?"

"Inu bwanji simunandiuze za mtengo?"

"Mudzafunsana kunyumba," anatero mayi Yeshareg. "Taonani uko."

Abba Melkamu anali atayamba kuzungulira, mtanda uli m'manja, chofukizira lubani chikulendewera patsogolo pawo. Akamaliza ulendo wachitatu, demera amakhala wodalitsidwa, ndipo palibe dzanja limene lingasololepo ngakhale kathengo. Anali atamaliza woyamba.

Mayi Yeshareg analowa m'bwalomo n'kukaima pakati pa njira, ndodo ili pansi. Nyimbo inazima ngati yathiridwa madzi.

"Mayi Yeshareg," anatero Abba Melkamu, munthu wa masaya onenepa amene sankakonda mikangano asanadye, "mwaganiza zokhala dikoni pa ukalamba uno?"

"Abba, ndikhululukireni. Pamwamba apo pali katundu wolakwika."

Wansembeyo anayang'ana m'mwamba, anthu onse n'kuyang'ananso. Mphepo inali itakankha maluwa mbali imodzi, ndipo kamlomo koyera kankasuzumira.

"Ndi mbale!" anakuwa Fentahun. "Ndaipeza!"

"Hmm," anatero Abba Melkamu. "Komatu, mayi, chimene chaperekedwa kwa Mulungu sitibweza."

"Zoona, Abba. Ndiye mufunseni woperekayo kuti wapereka chiyani."

Bwalo lonse linatembenukira kwa bambo Mersha. Kwa munthu wa msinkhu wawo, amene sanaitanidwepo pamlandu moyo wake wonse, kunali kosavuta kungokhala chete, moto n'kumaliza nkhani. Mayi Yeshareg ankadziwa zimenezo. Nkhalambayo inayang'ana mwana wake. Kenako inavula nsalu kuphewa n'kuimanga m'chiuno, monga amachitira munthu polankhula pamaso pa akulu.

"Ndinawinda mtengo, Abba. Chozungulira chija si changa. Ndinachitenga ndine m'mawa uno. Belachew anangondibwereka phewa, chifukwa ndinamupempha m'dzina la mwana wake. Mumasuleni."

Kunamveka kung'ung'udza. Abba Melkamu anakanda ndevu.

"Chabwino. Mulungu analonjezedwa mtengo, ndipo mtengo aulandira. Mbale sanapemphe, amamva mapemphero athu popanda zimenezo." Anatembenukira kwa madikoni. "Nyimbo ija munaithamangitsa. Yambiraninso, ndime zonse."

"Fentahun," anatero mayi Yeshareg, "jombo zatsopanozo tizione ntchito yake. Kuchigayo, sipanala. Thamanga."

* * *

Anakwera ndi Belachew, pamakwerero a tchalitchi, amuna anayi atawagwirira. Mabawuti anali ndi dzimbiri la mvula, ndipo limodzi linali litaphwanyidwa mutu ndi nkhwangwa. Madikoni anaimba nyimboyo kawiri, n'kuyamba kachitatu akumuyang'ana mwaukali. Pomaliza mbale inatsika pachingwe, ikuzungulira, maluwa akugwera anthu pamitu. Wubalem anailandira ngati khanda.

"Miyezi inayi ndikuitukwana," anatero Belachew atatsika, "lero ndaipulumutsa. Musakauze nyulu zanga."

"Nanga mlanduwu ndiulemba bwanji?" anafunsa Fentahun, thukuta lili kamukamu.

"Eni mbale ndi ine ndi mwana uyu, ndipo sitikudandaula. Lemba kuti inapita kutchalitchi, yabwerako."

Moto unayatsidwa dzuwa likulowa. Mtengo wa bambo Mersha unaima nthawi yaitali pakati pa malawi, kenako unagwera chakum'mawa. Akuluakulu anayamba kukangana ngati zimenezo zikutanthauza zokolola zambiri kapena mtendere. Mayi Yeshareg anati unagwera kumene mphepo inaukankhira, n'kupita kukadyetsa alendo awo.

Panatsala vuto limodzi. Mbale inalipo, mlongoti panalibe, ndipo Lamulungu, tsiku la Mtanda lenileni, palibe munthu wa Koso Amba angagwire nkhwangwa. Basi inafika m'mawa, inaliza hutala katatu pamsika. Wubalem anaima pakhomo, akuimvetsera. Ikanamufikitsa m'tauni momwe intaneti sivuta, Lolemba lisanakwane.

"Ukakwera, wawauza wekha mabwana akowo kuti kuno sizingatheke," anatero mayi Yeshareg. "Ukatsala, mwina tikwanitsa, mwina ayi. Sindikunamiza."

Basi inaliza kachinayi, n'kunyamuka. Wubalem analowa m'nyumba kukathandiza kusenda anyezi.

Lolemba kusanache bwino, bambo Mersha anatsogolera amuna asanu ndi mmodzi kumunda kwawo, n'kuloza bulugamu wina. Belachew atakweza nkhwangwa, Wubalem anati adikire. Anauzungulira mtengowo kawiri, akupapasa khungwa kuyambira pansi mpaka pamene dzanja lake linalekeza. Amuna aja anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Uwu ulibe mwini," anatero bambo ake. "Ndi wako."

Pofika pachitunda n'kuuimika, dzuwa linali litakwera. Wubalem anamanga mbale, analumikiza waya, koma intaneti sinabwere. Amisiri anali ndi kachipangizo kolozera nsanja, ndipo amisiriwo anali kutali, mumzinda wa Gondar. Tsidya la chigwa kunali mitambo yokhayokha. Anapotoza mbale kumanja, anaipotoza kumanzere. Ilse anali pakhonde ndi laputopu, akukuwa nthawi ndi nthawi kuti, "Olemekezeka, ikadali yomwalira!"

Belachew anali atakhala pamwala, akutafuna kaudzu.

"Mukuilozetsa kwa azakhali anga," anatero.

"Ngati ukudziwa, dzuka," anatero mayi Yeshareg.

"Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikutembenuza azungu pamwala uja ngati mbuzi yowotcha, foni ili m'mwamba. Nsanjayo ndingailoze nditatsinzina." Anakwera, anaika tsaya pambale, n'kuisuntha pang'ono chabe, kuloza pampata wa pakati pa nsonga ziwiri za phiri zimene zinkangooneka mwa apo ndi apo. Anaiweramitsa ngati chala chimodzi.

Kukhonde kunamveka mfuu. "Yauka! Wolemekezeka bambo wa nyulu, yauka!"

"Kuyambira lero mbaleyi woiyang'anira ndiwe," anatero mayi Yeshareg. "Mphepo ikaipotoza, ndiwe. Alendo akafuna kukagwirira ntchito kumathithi Loweruka, nyulu ndi zako. Koma kuitukwana usiye."

"Pang'ono pokha, Amayi. Kuti isazolowere."

Masana Wubalem anadzitsekera m'chipinda chakumapeto. Bambo Mersha anakhala pampando panja pa chitseko, litchowa lili m'manja, akupirikitsa nkhuku iliyonse yoyandikira. Tambala wina atangotukula khosi kuti alire, anamugenda ndi nsapato. M'katimo munkamveka chinenero chachilendo chija, mawu a mwana wawo, mawu a anthu ena, kenako kuseka. Mayi Yeshareg anadutsa kawiri ndi ndowa imene sinkafuna kupita kulikonse.

Chitseko chinatseguka patatha pafupifupi ola. Wubalem anaima pakhomo, maso ali ofiira.

"Akuti chithunzi chimaoneka bwino kuposa cha ku ofesi. Akuti ndikhale."

Bambo Mersha anagwedeza mutu kamodzi. Anadzuka, anakatola nsapato yawo ija, anaivala mosafulumira. Kenako anakhosomola.

"Sutikesi ija," anatero. "Imatseka bwino?"

"Imatseka, Ababa."

"Ukaipakule madzulo ano. Makoswe akundithera mbewu ya balere."